Dzenje Limachepa Mpira Ukathamanga

Aliyense amene wasewerako gofu wa pa intaneti akukudziwa kuwawa kumeneku. Mwamenya bwino poyambira, mpira wauluka n'kutera pakati penipeni pa bwalo. Mwamenyanso kachiwiri, watera pa girini, paja pali udzu wometedwa mpala, pamene pali dzenje ndi mbendera. Kwatsala mafiti 9 okha, osakwana n'komwe mamita 3. Mukudina, mpira ukugubuduka bwinobwino, ukunyambita mlomo wa dzenje, uyo wadutsa. Wobwezawo waphonyanso. Mnzanu amene mukupikisana naye, munthu wa ku Manila kapena ku Glasgow amene simudzamuona nkhope, watenga dzenjelo ngakhale kuti njira yonse amabwera movutikira, kudzera m'tchire ndi mumchenga.

Kumenya kwa pa girini kumeneku anthu a gofu amati putt, ndipo ndodo yake ya mutu wophwatalala ndi putter. Mpira suuluka, umangokankhidwa kuti ugubuduke. Pa bwalo la maenje 18 limene katswiri amayembekezeka kulimaliza pomenya ka 72, mawerengedwe amapereka ma putt awiri pa dzenje lililonse. Onse pamodzi ndi 36, theka lenileni la masewerawo. N'chifukwa chake funso lakuti munthu angatani kuti azilowetsa silichoka pakamwa pa osewera. Ine ndalifunsa kwa zaka, makamaka pa gemu ya World Golf Tour, imene ambiri amangoti WGT, ndipo pamene ndafika ndi apa: ma putt ambiri amaphonyeka chala chisanadine n'komwe. Timanamizira chala, ndodo, ngakhale netiweki, pamene mlandu uli pa liwiro limene tasankha.

WGT inayamba mu 2008 ku San Francisco, ndipo mu 2016 inagulidwa ndi kampani ya Topgolf. Chimene chinaisiyanitsa ndi anzake kuyambira pachiyambi n'chakuti mabwalo ake sanachite kupeka. Anajambula zithunzi zambirimbiri za mabwalo enieni n'kuziyala pamwamba pa miyeso ya nthaka yake: Old Course ya ku St Andrews, Pebble Beach, Bethpage Black, Oakmont, Pinehurst No. 2, Kiawah Island, Chambers Bay ndi ena. Tizitunda ndi timitsetse timene mukuona pa sikirini n'totengera pa nthaka imene ilipodi. Choncho zimene anthu aphunzira pa magirini enieni kwa zaka zoposa 100 zili ndi ntchito kwa munthu amene wagwira foni ali pa mkeka.

Mpira ukakhala pa girini, gemu imakuuzani zinthu zingapo. Imakuuzani kutalika kwa pamene pali dzenje, m'mafiti. Imakuuzani ngati dzenjelo lili kumtunda kapena kumunsi kwa mpira, m'mainchesi, ndi kamuvi koloza m'mwamba kapena pansi. Imayala ukonde wa mizere pa udzu, ndipo m'mizeremo mumayenda timadontho tolowera kumene nthaka yapendekera. Tikamathamanga, ndiye kuti kupendekako n'kwakukulu. Pansi pa sikirini pali geji. Mumakoka kuti musankhe mphamvu, mumasiya, kachizindikiro n'kuyamba kuthamanga, ndipo muyenera kudina kakafika pa kamzere kamene osewera amati ding, potengera kabelu kamene kamalira mukadina pake penipeni. Mukafulumira, mpira umapatukira mbali ina. Mukachedwa, mbali inayo. Geji yamtunduwu ndi yakale, inalipo kale mu gemu ya Golf imene Nintendo inatulutsa mu 1984, ndipo Everybody's Golf, Mario Golf ndi Golf Clash zonse zili ndi mtundu wakewake wa chinthu chomwechi.

Taonani zimene gemu yakuchotserani. Wosewera weniweni amalimbana ndi manja onjenjemera, mapewa, maimidwe, ndi matenda aja otchedwa yips, pamene dzanja limadzidzimuka lokha pa putt yaifupi. Katswiri Bernhard Langer analimbana nawo kangapo pa moyo wake wa gofu. Inu zonsezo mulibe. Mwatsala ndi zitatu: kuwerenga nthaka, kusankha mphamvu, ndi kudina pa nthawi yake. Ziwiri zoyambazo ndi za m'mutu, ndipo n'zimene zimalemera.

Tiyambe ndi dzenje lenilenilo. M'mimba mwake ndi mainchesi 4.25, kapena mamilimita 108. Muyesowu unachokera ku chida chobowolera maenje chimene a ku Musselburgh, ku Scotland, anali nacho kuyambira mu 1829, ndipo bungwe la R&A linaukhazikitsa ngati lamulo mu 1891. Mpira ndi wa mainchesi 1.68. Poyang'ana, malo alipo ambiri, mipira iwiri ikhoza kukwana moyandikana. Koma mpira wogubuduka ukafika pa mlomo wa dzenje umayamba kugwa uku ukupitabe kutsogolo, ndipo uyenera kugwa mokwanira usanagunde khoma la tsidya linalo. Ukafika mwaliwiro, umagunda khomalo uli pamwamba n'kudumpha. Katswiri wa sayansi Brian Holmes anawerengera zimenezi mu 1991 ndipo anapeza kuti mpira wolunjika pakatikati penipeni sungalowe ukapitirira liwiro la mamita pafupifupi 1.6 pa sekondi. Wodzera cham'mbali uli ndi kanjira kakafupi kowolokera dzenjelo, ndiye umafunika kufika pang'onopang'ono kuposa pamenepo. Tanthauzo lake n'lakuti dzenje lilibe kukula kumodzi. Kwa mpira umene ukufika uli pafupi kuima, ndi lotseguka lonse, ukhoza kulowera kutsogolo, m'mbali, ngakhale kuzungulira n'kugwera chakumbuyo. Kwa mpira wothamanga, latsala kampata kakang'ono pakati. Kunyambita mlomo kuja, kumene timati ndi tsoka, nthawi zambiri ndi mpira umene unalunjika bwino ndithu koma unafika ndi liwiro la dzenje lina.

Nanga liwiro labwino ndi liti? Dave Pelz, amene anagwirapo ntchito ku NASA asanadzipereke ku kafukufuku wa gofu, anatchuka ndi nambala imodzi: menyani moti mpira ukaphonya ukaime mainchesi 17 kuseri kwa dzenje. Chifukwa chake chimodzi chinali chakuti pa girini yeniyeni anthu amaponda mozungulira dzenje tsiku lonse, nthaka n'kukhala ndi timabampu, ndipo mpira wofooka umapatutsidwa ndi timabamputo. Mu gemu mulibe mapazi a anthu. Udzu wa m'mawa ndi wa madzulo ndi umodzi. Choncho ine ndimaona kuti nambala ya Pelz ndi malire a pamwamba. Pa chikweza ndimafuna mpira wodutsa ndi fiti imodzi, chifukwa wosafika sulowa ngakhale utalunjika bwanji. Pa mtsetse ndimafuna wongofika, chifukwa mtsetse umene waupititsa pa dzenje sulekera pomwepo. Amene anaonera mpikisano wa U.S. Open wa 2015 ku Chambers Bay akukumbukira. Dustin Johnson anali ndi putt ya mafiti 12 yotsetsereka pa dzenje lomaliza. Akanalowetsa, chikho chinali chake. Akanamenya kawiri, akanabwereza masewera ndi Jordan Spieth. Woyamba unadutsa ndi mafiti pafupifupi 4, wobweza unaphonya, Spieth n'kunyamula chikho. Girini yomweyo ili mu WGT, ndipo imachitabe zomwezo kwa anthu usiku uliwonse.

Kuti musankhe liwiro muyenera kudziwa mmene udzu ukugwirira mpira, ndipo apa m'pamene pamabwera chida chotchedwa Stimpmeter. Anachipanga Edward Stimpson, wosewera wa ku Massachusetts, pambuyo pa U.S. Open ya 1935 ku Oakmont, kumene magirini anali oterera moti wopambana, Sam Parks, anamaliza atamenya ka 299. Ndi kandodo ka mainchesi 36 kokhala ndi ngalande. Mumaika mpira pa kamphako, n'kukweza mbali imodzi pang'onopang'ono mpaka mpira utadzimasula wokha, ndipo nthawi zonse umafika pa udzu ndi liwiro lofanana, mafiti pafupifupi 6 pa sekondi. Mtunda umene wagubuduka pa malo athyathyathya ndiye nambala ya giriniyo. Ukayenda mafiti 10, girini ndi ya 10. Bungwe la USGA linayamba kugawa chidachi ku mabwalo mu 1978. Masiku amenewo girini wamba ku America inali ya pakati pa 6 ndi 7. Lero m'mipikisano ikuluikulu 12 ndi 13 si zachilendo, ndipo ku Oakmont amapitirira pamenepo.

WGT imakuuzani liwiro la girini masewera asanayambe, kuchokera pa yochedwa mpaka ya championship. Apa pali msampha umene umagwira pafupifupi aliyense. Wosewera amakwera magulu, kuchokera pa Hack, Amateur, Pro, mpaka Master, Legend ndi Champion, ndipo akamakwera, magirini amene amapatsidwa amanka naterera. Munthu amene dzulo amalowetsa mosavuta amadzuka lero mipira yake yonse ikudutsa ndi mafiti 5, n'kuyamba kuganiza kuti gemu yamutembenukira. Geji sinasinthe. Ikanena mafiti 10, ikunena za girini ya liwiro limodzi lokha; pa yoterera, mphamvu yomweyo ipititsa mpira patali.

Mankhwala ake ndi otopetsa koma ndi a tsiku limodzi. Lowani masewera oyeserera, pezani malo athyathyathya, menyani mphamvu ya mafiti 10 ndipo muone pamene mpira waima. Bwerezani kangapo, lembani. Chitani chimodzimodzi pa liwiro lililonse la girini limene mumasewerapo. Osewera amagawana manambala otere, akuti chotsani magawo akutiakuti pa 100 alionse, ndipo ambiri mwa manambalawo ndi abwino. Komabe amene mwayeza nokha ndi putter yanu mumawakhulupirira mtima ukamagunda, pamene a mnzanu mumayamba kuwakayikira nthawi yomwe mukuwafuna kwambiri.

Tsopano chikweza ndi mtsetse. Lamulo limene wosewera aliyense wa WGT amauzidwa ndi lakuti inchi imodzi yokwera ndi fiti imodzi yowonjezera, inchi imodzi yotsika ndi fiti imodzi yochotsera. Kwa nthawi yaitali ndinkaliona ngati nzeru ya m'gemu chabe, mpaka tsiku lina ndinakhala pansi ndi pensulo. Mpira wochoka pa Stimpmeter ndi liwiro la mafiti 6 pa sekondi n'kuima pa mafiti 10 ukutaya liwiro la mafiti 1.8 pa sekondi, sekondi iliyonse. Mukawerengera mphamvu imene mpira wogubuduka umafuna kuti ukwere inchi imodzi, n'kuiyerekeza ndi mmene udzu ukuubwezera, yankho limatuluka fiti imodzi ndi kakusiyana kochepa kwambiri. Lamulo lija ndi sayansi yeniyeni, koma ndi la girini ya 10. Pa girini ya 8, inchi imodzi ndi yochepera fiti. Pa girini ya 13, inchi imodzi ikuyandikira fiti ndi theka, chifukwa udzu ukamagwira pang'ono, kupendeka kwa nthaka kumalamulira kwambiri. Gemu iliyonse ili ndi masamu ake, ndipo manambala enieniwo muyenera kuwatsimikiza poyesa, koma njira yake ndi imeneyi: girini ikamaterera, inchi imalemera. Ndi chifukwa chake anthu amene angokwera gulu amalephera kufika pa chikweza n'kumadutsa kutali pa mtsetse, ngakhale achotsere bwinobwino za liwiro la udzu.

Tiyerekeze putt imodzi, kuti zioneke. Dzenje lili pa mafiti 14, kamuvi kakuloza pansi, mainchesi 3. Girini ndi yoterera, ndipo m'kabuku mwanu munalemba kuti pa girini yotere mphamvu ya 10 imayenda mafiti 12, inchi imodzi ndi mafiti 1.3. Mainchesi atatuwo achotsa mafiti pafupifupi 4, kutsala 10. Ngakhale ndi mtsetse, tinene kuti mwawonjezerapo imodzi kuti mpira ufike ndithu, 11. Popeza 10 imayenda 12, mukufuna mphamvu ya 9 ndi kachidutswa. Munthu amene wangoona 14 n'kumenya 14 wapatsa mpira mphamvu yoyenda mafiti pafupifupi 17 pa thyathyathya, pa malo otsetsereka. Mpira wake uima mafiti 6 kapena 7 kuseri kwa dzenje, ndipo iye adzanena kuti anaphonya ding.

Pali kanthu kena pa mainchesi aja. Gemu imakuuzani kusiyana kwa pamene pali mpira ndi pamene pali dzenje, sikuuzani za pakati. Putt ikhoza kulembedwa kuti ndi yathyathyathya pamene ikukwera mainchesi 4 n'kutsikanso 4. Pamenepo chofunika n'kudziwa mmene nthaka ilili pa mafiti atatu omaliza ndi kuseri kwa dzenje. Ngati kumapeto kuli mtsetse, fiti yowonjezera ija ichotseni.

Tafika pa kukhota, kumene anthu ambiri amayambira, ngakhale ine ndakuika pambuyo mwadala. Mpira umakhota chifukwa nthaka yopendekera m'mbali imaukoka nthawi yonse imene ukuyenda. Mawu ofunika ndi akuti nthawi. Mpira umene ukhala panjira masekondi anayi ukokedwa kwambiri kuposa wa masekondi atatu. Putt ya mafiti 10 yongofika pa dzenje imatenga masekondi atatu pa girini ya 8, koma pafupifupi anayi pa girini ya 13, ndipo kukhota kwake kumawonjezeka ndi kuposa theka. Pa chikweza mumamenya mwamphamvu, mpira umafika msanga, umakhota pang'ono. Pa mtsetse mumangougwaza, umayenda mwaulesi, umakhota kwambiri. Choncho funso lakuti ndiloze pati lilibe yankho musanasankhe liwiro. Putt imodzi ili ndi njira zingapo zolowera: yamphamvu yolunjika, kumene dzenje ndi laling'ono, ndi yofatsa yozungulira, kumene dzenje ndi lalikulu. Amene amasintha liwiro putt iliyonse sangaphunzire kuwerenga timadontho, chifukwa timadontho tomwetomweto timupatsa zotsatira zosiyana tsiku lililonse. Amene liwiro lake ndi limodzi nthawi zonse, maso ake amayamba kuloweza kuti timadontho toyenda chonchi pa mafiti 10 ndi kuloza kunja kwa dzenje motere.

Pelz anapezanso kuti osewera wamba amaona gawo lochepa la kukhota kumene kulipodi, pafupifupi limodzi mwa magawo atatu, ndipo n'chifukwa chake amaphonyera kumunsi kwa dzenje. Mu gemu ndi chimodzimodzi. Lembani ma putt 20 amene mwaphonya, kumtunda kapena kumunsi, ndipo ndikukhulupirira kuti mudzapeza ambiri ali kumunsi. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Mpira wodzera kumtunda ukamafooka umayandikira dzenje, uli ndi mwayi mpaka kumapeto. Wodzera kumunsi ukuthawa dzenje sekondi iliyonse, ndipo umakasiya putt yobweza yaitali. Mukakayika, onjezerani kukhota.

Timadontho tonse si tofanana kulemera. Pafupi ndi putter mpira ukuthamanga, sukhalitsa pamenepo. Pafupi ndi dzenje wafooka, ukukwawa, ndipo nthaka ikuchita nawo zimene ikufuna. Choncho yang'anitsitsani gawo lomaliza. WGT imalola kutembenuza kamera n'kuona putt kuchokera kuseri kwa dzenje, ndipo pa putt iliyonse yopitirira mafiti 5 ine ndimatero. Palinso nkhani ya kumene kamera yaima. Ikakhala chammbali, osati kumbuyo kwenikweni kwa mzere wa mpira ndi dzenje, mizere ya ukonde imapendekera, ndipo chikweza chimaoneka ngati kukhota. Putt zambiri zimene anthu amati gemu yanama zimachokera pamenepa. Sinthani kamera mpaka mupeze imene ikuyang'ana motsata njira ya mpira.

Nzeru imodzi ya ku gofu weniweni imandithandiza kuposa zonse. Pa girini yopendekera mbali imodzi, pali mzere wodutsa pa dzenje umene madzi akanatsata atathiridwa pamenepo. Putt yochokera pa mzerewu, kumtunda kapena kumunsi, sikhota. H. A. Templeton, m'buku lake la Vector Putting la mu 1984, anasonyeza kuti ma putt onse a mtunda wofanana, kuchokera mbali iliyonse, amalozedwa pafupifupi pa malo amodzi, kadontho kamene kali pa mzerewu kumtunda kwa dzenje. Njira ya AimPoint ya Mark Sweeney, ija mumaona akatswiri ngati Adam Scott akuimika zala patsogolo pa nkhope, yamangidwa pa maganizo a mtundu womwewu, kuti kukhota kumawerengeka mukadziwa kupendeka, liwiro la udzu ndi mtunda. Iwo amamva kupendeka ndi mapazi. Inu gemu yakujambulirani. Mukaima pa girini, musanaganize za mpira wanu, funsani kuti kumtunda kwenikweni kwa dzenjeli ndi kuti.

Za chala n'zochepa, koma zilipo. Pa mafiti 10, kupatuka ndi digiri imodzi yokha kumafikitsa mpira pa mlomo wa dzenje, choncho kudina kuli ndi ntchito. Munthu amatenga pafupifupi kota ya sekondi kuti achitepo kanthu pa chimene waona, ndiye amene amadikira kuona kachizindikiro katafika pa ding amachedwa nthawi zonse. Kudina bwino n'kwa kayimbidwe, ngati kuwomba m'manja pa gule: mumadziwa pamene kugunda kukubwera. Sankhaninso sikelo yaing'ono ya geji imene ingakwane. Mphamvu ya 9 pa sikelo ya mafiti 15 ndi yoposa theka la geji, pamene pa sikelo ya 30 sifika n'komwe gawo limodzi mwa atatu, ndipo kulakwitsa kofanana kwa chala kumabala kulakwitsa kowirikiza pa udzu. Ena amamata kapepala kogawidwa magawo 10 m'munsi mwa geji pa sikirini, ena amawerenga mmene kamunthu ka m'gemu kakukokera ndodo kumbuyo. Zonsezi n'zabwino malinga mugwiritse imodzi osasinthasintha.

Pali mkangano wakale pakati pa osewera. Ena sasuntha n'komwe cholozera, chija chosonyeza kumene mpira ulunjike. Amasiya chili pa dzenje n'kuphonya ding mwadala, kufulumira kapena kuchedwa, kuti mpira uyambire kumtunda. Ndaonapo anthu olowetsa modabwitsa ndi njira imeneyi, ndipo imapulumutsa nthawi pa masewera a wotchi. Koma kwa amene akuphunzira sindingailimbikitse. Mukaphonya simudziwa ngati munawerenga molakwa kapena munadina molakwa, popeza zonse ziwiri mwaziika pa chala chimodzi. Sunthani cholozera, funani ding, ndipo mukaphonya mudzadziwa choti mukonze.

Geji ikamadumphadumpha, yang'anani chipangizo chanu musanadandaule za netiweki. Sikirini yoonetsa zithunzi 60 pa sekondi imasintha pa mamilisekondi 17 alionse, ndipo foni ikatentha, batire ikatsika, kapena mapulogalamu ena akamayenda kumbuyo, zithunzi zina zimadumphidwa. Vutoli linali lalikulu masiku amene WGT inkayenda pa pulogalamu ya Flash, isanathe kumapeto kwa 2020, koma pa foni yotopa lilipobe. Tsekani zina zonse, ichotseni pa chaja ngati yatentha. Ndodo ndi mipira zogula ndi makirediti, ndalama za m'gemu, zimathandiza pa zinthu ziwiri zenizeni, kuchedwetsa geji ndi kukhululukira kaphonyedwe kakang'ono. Limenelo ndi phindu ndithu, koma mipira imatha n'kufuna ina, ndipo palibe putter imene idzakuwerengereni mainchesi. Mapulogalamu odina okha pa ding ndi kuba, ndipo amalanda mnzanu wa tsidya lija masewera amene iye akusewera moona mtima.

Ndiyeneranso kunena za chiyembekezo, chifukwa ambiri amadzizunza ndi ma putt amene sanali oti alowe. Mark Broadie wa ku Columbia Business School, amene njira yake yowerengera ya strokes gained inayamba kugwiritsidwa ntchito pa mipikisano ya PGA Tour mu 2011, anasonyeza kuti akatswiri a dziko lonse amalowetsa theka lokha la ma putt a mafiti 8. Pa mafiti 10 ndi 40 pa 100 alionse, pa mafiti 20 ndi 15, pa mafiti 30 ndi 7. Mu gemu, mopanda manja onjenjemera, wosewera wabwino amaposa pamenepa, koma phunziro lake silisintha: mtunda ndiwo umalamula. Broadie anapezanso kuti chimene chimasiyanitsa kwambiri akatswiri opambana ndi anzawo ndi kumenya kofikitsa mpira pa girini, kuposa putt yeniyeniyo. Ndiye njira yachidule yolowetsera ma putt ambiri ndi kudzisiyira osavuta. Musanamenye wopita pa girini, onani kumene yapendekera, ndipo lozani kumunsi kwa mbendera. Mafiti 12 okwera molunjika ndi abwino kuposa mafiti 6 otsika mokhota ku Oakmont. Ku St Andrews, kumene magirini 7 ndi ogawana maenje awiriawiri ndipo mukhoza kupezeka mafiti 90 kutali ndi dzenje, cholinga cha putt yoyamba ndi kusiya yachiwiri yosaopsa, makamaka kumunsi kwa dzenje.

Mtima nawo umalowerera pa liwiro. Akatswiri a kafukufuku Devin Pope ndi Maurice Schweitzer anafufuza ma putt oposa 2.5 miliyoni a PGA Tour, ndipo mu 2011 anafalitsa zimene anapeza: pa mtunda wofanana, akatswiri amalowetsa kwambiri putt yopulumutsa par, nambala ya kumenya yoyembekezeka pa dzenjelo, kuposa ya birdie, yomalizira dzenje ndi kumenya kochepera par ndi kumodzi. Pa birdie amamenya mwamantha, mpira n'kuperewera, chifukwa kuopa kutaya kumaposa kufuna kupeza. Ngakhale Tiger Woods anapezeka nazo. Pa foni zimachitikanso. Masamu anena 9, koma chala chimakoka 8 chifukwa mukuopa wobweza, kapena 11 chifukwa mnzanu wangolowetsa ndipo mwapsa mtima. Nambala mukaipeza, ikokeni imeneyo. Wotchi ikamathamanga, tsatani ndondomeko imodzi: mtunda, mainchesi, liwiro la udzu, kenako kukhota. Ikatsala pang'ono kutha, siyani kukonza cholozera, musasiye kuwerengera mphamvu.

Pa dzenje la 18 ku St Andrews pali putt imene ndimaiyeserera kawirikawiri. Mu Open ya 1970, Doug Sanders anatsala ndi mafiti pafupifupi atatu kuti apambane, yotsika pang'ono, yokhotera kumanja. Ataima kale, anawerama kuchotsa kanthu pa njira ya mpira, ndipo sanachokepo kuti ayambirenso kukonzeka. Mpira unadzera kumanja, kumunsi kwa dzenje. Mawa lake Jack Nicklaus anamugonjetsa ndi kumenya kumodzi kokha. Putt yotere ikandipeza mu gemu, ndimatsitsa geji pa sikelo yaing'ono kwambiri, ndimatembenuza kamera ngakhale mtunda ndi waufupi, ndimaloza m'kati mwa mlomo wakumanzere, ndipo ndimapatsa mpira mphamvu yodutsa ndi fiti imodzi kuti usakhale ndi nthawi yokhota. Foni ikalira kapena wina akandiitana ndili pakati pokoka, ndimabweza geji pa ziro n'kuyambiranso kuwerenga kuchokera pa mtunda.